Phulusa la Pagolo ku Leeds

Mpaka lero mayi a kunyumba akandiona ndanyamula ndowa amayamba andifunsa kumene ndikupita. Ngakhale ndikhale ndikukatsuka galimoto pakhomo pomwepa, amasuzumira pawindo kuti atsimikize. Sindiwaimba mlandu kwenikweni. Koma inu mumve kaye mbali yanga, chifukwa m'nyumba muno palibe amene anandipatsapo mpata woti ndiifotokoze nkhaniyi mpaka kumapeto.

Tinabwera ku Bolton, kuno ku Mangalande, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mayiwa ndi namwino, ndiye anatsogola iwo, ine ndi ana tinachita kulondola. Kwathu ndinali kalaliki, koma kuno ntchito imene inandipeza ndi yotsuka mabasi ku depoti (musaseke, mabasi anga amawala). Chimene muyenera kudziwa kwambiri ndi chakuti ku Bangwe ndinakhala zaka zambiri mu komiti ya masapota a timu ya m'dera lathu. Za mpira ndimazidziwa, zoonekera ndi zosaonekera zomwe. Ndinaonapo timu yathunthu ikukana kulowera pageti n'kuchita kulumpha mpanda. Ndinaonapo mpira ukumenya chitsulo masana onse osalowa, chifukwa golo anaitsirika m'mawa. Mukhoza kunena kuti ndi zachikale, koma ine ndinaona ndi maso angawa.

Mwana wanga woyamba, Tiyamike, anatengera ine pa kukonda mpira, koma iye amachita kusewera, ndipo malo ake ndi pagolo. Atapita ku yunivesite ina ku Leeds analowa timu ya atsikana. Chaka choyamba chonse anangotenthetsa benchi. Chaka chachiwiri, nyengo yozizira itayamba, anandiimbira foni kundiuza kuti kochi wamusankha kuti ayambe iye pagolo Loweruka, pabwalo lawo lomwe.

"Adadi, mubwere," anatero. "Koma please, mukhale pansi, muziomba m'manja, basi. Nothing else."

Anali ndi chifukwa chonenera choncho. Ali ku sekondale ndinalowapo m'bwalo kukamufotokozera woimbira mpira malamulo a ofusayidi, ndipo kuyambira pamenepo mwanayu sanandiitanenso ku masewero ake. Uku kunali kundiyesa komaliza, ndipo ndinadziwa. Ndinalonjeza, mpaka ndinatchula dzina la malemu mayi anga.

Loweruka limenelo mayi a kunyumba anali pa ntchito ku chipatala. Poopa kuti ndikalakwitsa zinthu ndikapita ndekha, anandipatsa mchimwene wawo, alamu anga a Levisoni, amene tinkakhala nawo akudikira mapepala awo. Akuti akandiyang'anire. Kumeneko kunali kutuma fisi kukalondera mbuzi, chifukwa alamuwa ku Bangwe ndi amene ankanyamula chikwama cha sing'anga wa timu.

Tinakwera sitima yam'mawa, popeza alamu amaopa kuchedwa kuposa mmene amaopera imfa, ndipo tinafika pabwalo kukadali zii. Bwalo lake si lalikulu. Lili kuseri kwa nyumba zogundizana za njerwa zofiira, pafupi ndi chumuni chachitali cha fakitale yakale ya nsalu. Pokhala anthu ndi pamodzi pokha, pa matabwa, pofoleredwa ndi malata. Polowera pali kakhonde kamene khoma lake ladzaza zithunzi zakale za azimayi ovala makabudula ofika m'mawondo, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pali zolemba. Ndinati ndiime ndiwerenge, alamu n'kundikoka jekete kuti tikagwire malo abwino (m'bwalo munalibe munthu ngakhale mmodzi woti atilande malo).

Titakhala pang'ono, kunja kunafika kaminibasi ka timu ya alendo ochokera ku Newcastle. Atsikana ake anatsika atavala zobiriwira, n'kulowa kosinthira zovala. Sipanapite nthawi, pakhomo laling'ono la mbali ina panatulukira azimayi atatu okalamba, akuyenda pang'onopang'ono, aliyense atakulunga sikafu yobiriwira m'khosi. Wapakatiyo anafungatira kamtsuko kachitsulo kokhala ndi chivindikiro. Sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Analunjika pagolo ya mbali ya chumuni.

Alamu anandigunda ndi chigongono.

"Alamu, mukuona zimene ndikuonazi?"

"Ndikuona, koma mwina akungoyenda."

"Kuyenda ndi mtsuko? Taonani mtundu wa masikafuwo. Abwera ndi alendowa amenewa."

Mayi uja anatsegula kamtsuko n'kuyamba kuwaza phulusa pamzere wa golo, kuchokera chitsulo ichi kukafika chinacho. Mnzake anagwira chitsulo chakumanzere, maso ali chitsinzinire, milomo ikuyenda. Wachitatu anatulutsa fulasiki, n'kuthira pansi zimene zinali m'menemo. Kenako onse atatu anaima kanthawi mitu ili pansi, n'kubwerera kumene anachokera.

Ndinali nditakhala ku Mangalande zaka zingapo ndikukhulupirira kuti azungu zimenezi sazidziwa, ndiye lero ndikuziona masanasana, pa tsiku loyamba la mwana wanga. Mtima unandipweteka. Mwana wavutika chaka chathunthu pa benchi, ndiye anthu ena abwere kudzamuchititsa manyazi ndi zitsamba?

"Koma alamu," ndinayesa kudziletsa, "sitikudziwa ngati akuitseka goloyo kapena akuitsegula."

"Zili chimodzimodzi," anatero alamu, ngati munthu wophunzitsa kalasi. "Ngati aitseka, atsikana athu sagoletsapo. Ngati aitsegula, Tiyamike akaimapo azingotola mipira mu ukonde. Ndipo kochi samuikanso. Inu ndinu bambo ake, mungokhala n'kumaonerera?"

Ndinakumbukira lonjezo langa, inde ndinalikumbukira. Koma ndinadziuza kuti ndinalonjeza kukhala pansi nthawi ya mpira, ndipo mpira unali usanayambe (munthu ukafuna kulakwa, mutu umakupezera loya waulere).

Aliyense wa ku Bangwe amadziwa kuti mankhwala a pagolo amasukuluka ndi zinthu ziwiri, mkodzo kapena madzi a mchere. Alamu anayamba ndi kutchula choyambacho, ndipo anati iwo ali nawo wokwanira chifukwa cha tiyi wa m'sitima. Ndimathokoza Mulungu mpaka lero kuti pamenepo pokha ndinakana. Vuto linali kopeza mchere. Koma kuno nyengo yozizira amaika mabokosi achikasu m'mbali mwa misewu, odzaza mchere wosakaniza ndi timiyala, wothira pansi kuti anthu asaterereke pa ayezi. Limodzi linali pageti pomwepo. Pafupi ndi kashedi ka wosamalira bwalo panali mpope, ndowa ndi tsache lolimba, zonse zili poyera ngati zikundidikira ine.

Alamu anati iwo aima pakona kuti aone ngati kukubwera munthu. Ine ndinadzaza ndowa, n'kuthiramo mchere wa manja awiri kangapo, n'kutakasa ndi mpini wa tsache. Ndinalowa m'bwalo ndi nsapato zanga za ku tchalitchi, ndinakhuthula madzi pamzere wonse, n'kuyamba kukwecha. Ndowa yoyamba sinakwane, ndinakatunganso ina. Ndinatsuka ndi zitsulo zomwe, makamaka chakumanzere chimene anagwira mayi uja. Ntchito yotsuka ndimaidziwa, ndipo tsiku limenelo ndinaigwira ndi mtima wonse, ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya yothamangitsa Satana. Pomaliza panalibe ngakhale kadontho ka phulusa, panali matope okhaokha.

Nditaweramuka kuti ndiwongole msana, ndinaona chigulu cha anthu chikubwera. Kutsogolo kunali azimayi atatu aja, tsopano atanyamula maluwa. Pambuyo pawo panali kochi, akuluakulu a yunivesite ovala masuti, ndi matimu onse awiri ali pamzere, aliyense atamanga kansalu kakuda pamkono. Tiyamike anali pamzere womwewo, magolovesi ali m'manja. Ndinayang'ana pakona paja. Alamu panalibe.

Anthu onse anaima. Kochi, mayi wamtali wa tsitsi lalifupi, anandifunsa kuti ndine ndani ndipo ndikuchita chiyani pagolo. Ine, poganiza kuti ndikuuza mnzanga wa mbali imodzi nkhani yabwino, ndinamwetulira, n'kuloza azimayi aja ndi tsache.

"Musadandaule, madamu," ndinatero m'Chingerezi changa chabwino kwambiri. "Zimene anathira awazi ndachotsa zonse."

Mayi amene anafungatira kamtsuko uja anayang'ana matope, n'kuyang'ana ndowa, kenako n'kuyang'ana ine. Anayankhula motsitsa kwambiri.

"Amenewo anali amayi anga."

Ndinkadziwa kuti anthu kuno ena amawotcha maliro, zimenezo ndinali nditamva. Koma kuti phulusa lake angakaliwaze pabwalo la mpira, pamene anthu amaponda ndi kulavulapo, palibe anandiuzapo. Kwathu munthu amagona kumanda, ndipo kumandako umavula chipewa. Tsache lija ndinayesa kulibisa kumbuyo, ngati kuti panali wina amene sanalione.

Tiyamike anatuluka pamzere. Mwana ameneyu masiku onse amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, koma akakwiya zenizeni Chingerezi chimathawa.

"Bambo," anatero (anali asananditchulepo choncho chibadwire), "munalonjeza."

Anabwerera pamzere misozi ili m'maso, ndipo mnzake wina anamugwira paphewa.

Kochi ananditengera kukakhonde ka zithunzi kaja, n'kundiphunzitsa mbiri ya bwalo ndi mawu a munthu amene akudziletsa kuti asamenye. Analoza chithunzi cha mtsikana wa kapusi, atagwira mpira pachifuwa. Ameneyo anali Hilda, mwini phulusa. Anayamba kugwira ntchito pa fakitale ya nsalu ija ali wamng'ono, ndipo ankaima pagolo mu timu ya azimayi a pafakitalepo, amene ankavala zobiriwira. Nthawi imeneyo akuluakulu a mpira m'dziko muno anali ataletsa akazi kusewera m'mabwalo a matimu odziwika, ndiye azimayiwa anasalaza okha malo a kuseri kwa fakitale, n'kumasewera pamenepo. Fakitale itatsekedwa, anthu ena anafuna kusandutsa bwalolo poimika magalimoto. Hilda, ali kale ndi zidzukulu, anatenga mpando ndi fulasiki ya tiyi n'kukakhala pagolo pomwepo ndi anzake, tsiku ndi tsiku, mpaka yunivesite inavomera kulitenga kuti likhale la timu ya atsikana. Matabwa amene ndinakhalira aja anachokera m'fakitale momwemo. Asanamwalire anapempha chinthu chimodzi, kuti akamugoneke pagolo yake, ndipo amuthirireko tiyi pang'ono.

Zonsezi zinali zolembedwa pakhoma, m'zilembo zazikulu zoti ndi wopanda magalasi yemwe awerenge.

Ndinkayembekeza apolisi, koma mwana wa malemuyo, amene ndinamva kuti ndi mayi Doreen, anati andisiye ndikhale. Maluwa anawaika pamatope pomwepo. Wosamalira bwalo atamva kuti m'madzimo munali mchere wa pamsewu anagwira mutu ndi manja onse awiri, n'kunena mawu ena amene sindingawalembe pano.

Mpira unayamba mochedwa, ndipo mwa tsoka langa chigawo choyamba Tiyamike anaima pagolo yomweyo. Bwalo lonse linali louma bwinobwino kupatula pamene ndinagwira ntchito ine. Mpira woyamba wolunjika kwa iye unali wophweka, woti kunyumba akanaugwira ndi dzanja limodzi. Anati adumphe, phazi linaterereka, mpira n'kudutsa pambali pake. Wachiwiri unalowa chimodzimodzi. Ine ndinakhala pansi monga ndinalonjezera, koma m'manja munalibe choombera.

Chigoli chachiwiricho chitangolowa, ndinamva munthu akukhala pambali panga, akununkha tchipisi. Anali alamu. Anayang'ana pagolo, n'kupukusa mutu.

"Alamu," ananong'oneza, "mchere unachepa."

Kukhala kuti si m'bale wa mkazi wanga, bwenzi tsiku limenelo pabwalopo pali maliro awiri.

Timu ya Tiyamike inagonja masewerowo. Tiyamike sanatuluke kudzatitsanzika, ndipo foni yanga sanayankhe. Kunyumba ndinayamba kufotokoza kuchokera ku Bangwe, kuti nkhani imveke bwino, koma mayi a kunyumba anandidula.

"Bambo a Tiya, tandiuzani mwachidule. Mwatsuka maliro a eni ake?"

"Si mmene mukuneneramo."

"Ndi tsache?"

Ndinavomera kuti ndi tsache. Anakhala pampando osavula ndi yunifomu yomwe, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali. Udzu wa pagolopo unauma wonse, ndipo ndinamva kuti nyengo yonse yozizira panali chigamba chofiira chimene atsikana ankachitchula dzina langa.

Mayi a kunyumba anagamula kuti tikapepese maliro mwa chikhalidwe chathu. Lamulungu lotsatira anavala chitenje ndi duku, anagula shuga ndi buledi, ndipo tinapita ku Leeds kunyumba kwa mayi Doreen. Tiyamike anabwera chifukwa amayi ake anamuuza kuti abwere, koma anakhala mpando wakutali ndi ine. Ine ndinakana sofa, ndinakhala pansi pa kapeti chipewa chili m'manja, zimene zinawasokoneza kwambiri mayi Doreen. Ankangondifunsa ngati msana ukundivuta.

Atatipatsa tiyi anati pali chinthu chimodzi chimene sichikuwagonetsa tulo. Ankafuna kudziwa chifukwa chake. Ndinafotokoza zonse, za masikafu obiriwira, za kutsirika golo, za mchere. Anamvetsera kukamwa kuli yasa. Kenako anayamba kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, mpaka mayi a kunyumba anadzuka kukawasisita pamsana.

"Amayi akanakukondani inu," anatero akupukuta misozi. "Iwo sankayamba mpira asanapsompsone chitsulo chakumanzere. Ndipo m'sokosi ankaikamo batani la jekete la bambo awo. Tsiku lina analiiwala, anakana kulowa m'bwalo mpaka munthu anathamanga kukalitenga. Musadandaule, bambo. Moyo wawo wonse anaugwiritsa m'matope a pagolo imene ija. Inu mwangowalowetsa pansi msanga."

Apa munthu wanzeru akanangoweramitsa mutu n'kunena zikomo. Nkhani inali itatha bwino, ndipo ndinaona nkhope ya Tiyamike ikuyamba kumasuka. Koma ine nditamva za batani, china chake chinandikwera. Ndinatembenukira kwa mwana wanga chala chili m'mwamba.

"Wamva? Ndiye uziti adadi ndi achikale! Ngakhale eni bwalo ankatsirika!"

Mayi a kunyumba ananditsina pamkono, koma mawu anali atatuluka kale. Tili panjira yopita kokwerera basi, Tiyamike anaima n'kundiyang'ana m'maso.

"Mayi Doreen akukhululukirani, that's fine. Koma pabwalo paja musadzapondeponso. Ndikunena zoona, adadi."

Ndipo sindinapondeponso. Kochi sanamuchotse pagolo, anati zigoli ziwiri zija sizinali zake (sanachite kutchula kuti zinali za ndani). Anasewera chaka chimenecho ndi chotsatira chonse. Ine kukhala kunyumba kunandikanika. Ndinapeza kuti pamsewu wa kumtunda, poimira basi, pali mpata pakati pa nyumba ziwiri pamene umaona theka la bwalo. Theka lake linali la golo inayo, ya Hilda inkabisika kuseri kwa khoma. Ndiye masewero aliwonse a pakhomo ndinkakwera sitima ndekha, n'kukaima pamenepo mphepo ikundimenya, madalaivala a basi akuima n'kunditsegulira chitseko ine n'kumawabayibitsa. Mwana wanga ndinkamuona chigawo chimodzi, chinacho ndinkangomvera phokoso.

Masewero ake omaliza asanamalize sukulu, chigawo chachiwiri anali kugolo yobisikayo. Chakumapeto ndinamva wezulo, ndinaona atsikana a theka langa akuthamangira uko, n'kudziwa kuti ndi penate. Kunakhala chete. Kenako kunabuka chiphokoso, koma phokoso la pabwalo silinena kuti wagoletsa ndani kapena wagwira ndani. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana njerwa, mtima uli m'mwamba, mpaka mpira unatha.

Anthu atayamba kutuluka ndinaona Tiyamike akukwera msewu kulunjika pamene ndinaima, matope thupi lonse, akumwetulira.

"Ndaigwira, adadi! Munaona?"

"Ndinamva," ndinatero. "Iwe unadziwa bwanji kuti ndili pano?"

"Timu yonse imadziwa. Jekete lanulo limaoneka kuchokera pagolo." Anandiyang'ana, kumwetulira kuja n'kuchepa. "Koma bwanji simunandifunsenso? Ine mkwiyo unatha kalekale, Khirisimasi yomwe ija. Ndimangodikira kuti mundipemphe, ndikuuzeni kuti lowani."

Nyengo ziwiri zozizira ndili pamsewu ngati chikwangwani, mpando wanga uli m'kati! Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya kawiri pabwalo limodzi. Chimene chimandiwawa n'chakuti penate imeneyo aliyense amene analipo amaikamba mpaka lero, mmene anadumphira, mmene anaukankhira ndi nsonga za zala. Mayi Doreen anaiona, wosamalira bwalo anaiona. Ine bambo wake ndimachita kufunsa kuti anadumphira mbali iti.